Dzuwa la kwa Zulu, mvula ya ku Mzimba

Mukadzapezeka pa Mzimba Boma cha pa 24 Okutobala, mudzachite kanthu aka. Nthawi ikamakwana 11:30 kum'mawa, mudzaime poyera, kaya ndi pa depoti ya basi kaya ndi kumsika, n'kuyang'ana patsinde pa pholo la magetsi. Mudzapeza kuti pholo lija lilibe chithunzithunzi. Botolo mukaliimika pansi, nalonso chimodzimodzi. Inu amene, chithunzithunzi chanu chidzakhala chitabisala kunsi kwa nsapato. Palibe matsenga apa ayi. Dzuwa limakhala lili paliwombo penipeni. Zoterezi zimachitika kawiri pa chaka kuno ku Mzimba, mu Okutobala momwemo ndiponso cha pa 17 Febuluwale, ngakhale kuti ulendo wachiwiriwu kawirikawiri mitambo ya mvula imatibisira.

Chandichititsa kuyamba ndi pholo la magetsi ndi ichi: makolo a Angoni amene adadzakhazikika m'boma lino adabadwira kudziko komwe chinthu chotere sichichitika ngakhale kamodzi. Kwawoko dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse, ndipo chithunzithunzi cha munthu chimagwera kummwera kuyambira Januwale mpaka Disembala. Mbiri ya ulendo wawo tidazolowera kuimva ngati nkhani ya mikondo, zishango ndi ng'ombe. Lero ndifuna ndiifotokoze ngati mbiri ya anthu amene adasenza kalendala ya dziko lina pamutu, n'kudzapeza kuti kuno siikugwirizana ndi munda.

Nguli yopendekeka

Tiyambe ndi dzuwalo. Ambirife tidaphunzira ku pulayimale kuti chaka chili ndi nyengo zinayi, ndipo tidaloweza mayina ake a Chingerezi uku tikuona zithunzi za mitengo yokutidwa ndi chipale, chinthu chomwe panalibe mmodzi mwa ife adachikhudzapo. Belu likalira tinkabwerera ku nyengo zathu zenizeni: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, kapena monga tinenera pa Chitumbuka kuno, chifuku ndi chihanya. Funso lakuti nanga nyengozi zimasinthiranji, ambiri tidadziyankha tokha, ndipo tidadziyankha molakwa. Tafunsani m'minibasi. Mudzamva kuti kumatentha dziko likayandikira dzuwa, kumazizira likatalikira.

Zoona zake n'zakuti dziko limayandikiradi dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pamtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikira kumayambiriro kwa Julayi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Kwa ife okhala kummwera kwa Ikweta yankho la m'minibasi lija limaoneka ngati lolondola, paja Julayi kumazizira zedi. Koma Januwale yemweyo ku London anthu amakhala akunjenjemera m'majasi, chonsecho dziko ndi limodzi lomweli ndipo mtunda wake kuchokera kudzuwa ndi umodzimodzi. Ndiponso kuno kwathu miyezi yootcha kwambiri ndi Okutobala ndi Novembala, osati Januwale. Ndiye kuti gwero lake lili pena.

Amene mudakwapulako nguli muli ana mukudziwa kuti nguli ikamazungulira nthawi zina imapendekera mbali imodzi. Dziko lapansi lili ngati nguli yotero. Limazungulira palokha kamodzi pa tsiku, ndipo mzati wosaoneka womwe limazungulirapo, wochokera ku North Pole kukafika ku South Pole, sudaime chilili. Udapendekeka ndi madigiri 23.4. Chachikulu n'chakuti pamene dziko likuyenda ulendo wake wa chaka chathunthu kuzungulira dzuwa, mzati umenewu umalozabe mbali imodzimodziyo ya thambo. Motero mu Disembala theka la kummwera, komwe kuli ife, ndilo limaweramira kudzuwa. Mu Juni limakhala litafulatira pang'ono, ndipo anzathu a kumpoto ndiwo amaothera.

Kuweramaku kumabala zinthu ziwiri. Choyamba, dzuwa limakwera pamwamba ndipo kuwala kwake kumamenya nthaka molunjika. Yesani ndi tochi usiku: mukailozetsa pansi molunjika, kuwala kumasonkhana pamalo pang'ono ndipo kumakhala kwamphamvu, koma mukaipendeketsa kuwala komweko kumamwazikana n'kufooka. Chachiwiri, usana umatalika, kotero kuti nthaka imalandira kutentha kwa maola ambiri.

Tikamaliona kuchokera pansi pano, dzuwa limakhala ngati likuyenda ulendo wa uku ndi uku. Cha pa 21 Juni limakhala paliwombo pa mzere wotchedwa Tropic of Cancer, madigiri 23.4 kumpoto kwa Ikweta. Kenaka limatsika, n'kudutsa Ikweta cha pa 23 Sepitembala, mpaka kukafika pa mzere wa Tropic of Capricorn kummwera cha pa 21 Disembala, komwe limatembenukira. Mzimba ali pafupifupi madigiri 12 kummwera kwa Ikweta, pakati pa mizere iwiriyi, n'chifukwa chake dzuwa limatidutsa pamutu popita ndi pobwera. Mu Juni dzuwa la masana pa Boma limangokwera madigiri 55 okha chakumpoto, ndipo tikaphatikizapo kukwera kwa malo ano ndi mphepo ya mwera, n'zosadabwitsa kuti ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa.

Nzeru zimenezi si za dzulo, ndipo mbali ina zidayesedwa pa nthaka ya Africa yomwe ino. Cha m'ma 240 Yesu asadabadwe, katswiri wina wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, Eratosthenes, adamva kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, chithunzithunzi chimasowa masana pa tsiku lotembenukira dzuwa, pomwe kwawo ku Alexandria chimakhalapo. Poyerekeza malo awiriwa adawerengera kukula kwa dziko lonse lapansi. Mu 1543 Nicolaus Copernicus adatulutsa buku lofotokoza kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa lili chipendekere. Komatu anthu olima ndi oweta sadadikire mabuku kuti ayambe kulondola mayendedwe a dzuwa, ndipo pakati pawo padali makolo a Angoni.

Kalendala ya kummwera

Zwangendaba wa fuko la Jere ndi anthu ake adachokera kumpoto kwa dera lomwe lero ndi KwaZulu-Natal ku South Africa, pakati pa madigiri 27 ndi 28 kummwera kwa Ikweta. Kumeneko n'kuseri kwa Tropic of Capricorn, komwe dzuwa silifika paliwombo. Limangoyandikira mu Disembala n'kubwerera. Kusiyana kwa usana n'kwakukulu: mu Disembala usana umayandikira maola 14, mu Juni umatsika kufika maola 10 ndi theka. Pa Mzimba kusiyana kwa tsiku lalitali ndi lalifupi sikukwana ngakhale ola ndi theka. Mvula ya kummwerako imayamba msanga, cha mu Okutobala, kotero kuti pofika kumapeto kwa Disembala zoyamba kucha zimakhala zayamba kuoneka m'minda.

Choncho kumeneko zinthu zitatu zimakumana nthawi imodzi: kutembenuka kwa dzuwa, tsiku lalitali koposa, ndi chakudya chatsopano. Anthu a Chinguni adamangirira ufumu wawo pa mphambano imeneyi kudzera m'mwambo wa zoyamba kucha. Kwa Azulu umatchedwa Umkhosi Wokweshwama. Ku Eswatini umatchedwa Incwala, ndipo katswiri wa chikhalidwe Hilda Kuper adaufotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la 1947. Nthawi yake imapezeka poona pomwe dzuwa lafika mu Disembala ndiponso kukula kwa mwezi. Lamulo lake n'lolimba: munthu asadye zatsopano mfumu isadalume. Taonani mphamvu imene ili pamenepa. Mwini munda walima yekha, wapalira yekha, koma dzungu lake loyamba lidikire pakamwa pa mfumu. Ndipo mfumuyo nayo idikire dzuwa.

Shaka atagonjetsa Andwandwe a Zwide cha m'ma 1819, Zwangendaba, yemwe adali kumbali ya Zwide, adanyamuka kulowera kumpoto. Adadzera kummwera kwa Mozambique, nawoloka Limpopo, nalimbana ndi Soshangane, nalowa m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe komwe adasokoneza ufumu wa Arozvi. Penapake pa ulendowu adadutsa Tropic of Capricorn. Padalibe chikwangwani, padalibe mlonda wa pachipata, koma kuyambira pamenepo thambo lidayamba kuchita zachilendo. Padayamba kukhala masiku a pachaka pomwe dzuwa la masana linkaima paliwombo, kenaka n'kupitirira chakummwera, chithunzithunzi cha munthu n'kugwera kumpoto.

Thambo lomweli ndilo lidatisungira tsiku lodziwika koposa m'mbiri ya Angoni. Akuluakulu ankasimba kuti pa tsiku lowoloka Zambezi, pafupi ndi Zumbo, dzuwa lidada masana. Kadamsana ndi nkhani ya mwezi, pomwe umadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko, ndipo poti mayendedwe a mwezi amawerengeka, munthu akhoza kubwerera m'mbuyo n'kupeza tsiku lenileni. Mu 1930 E. H. Lane Poole adalemba nkhani yolumikiza mbiri yapakamwa imeneyi ndi kadamsana wa mu Novembala 1835. Mabuku ambiri a mbiri amalemba 19 Novembala, pomwe mawerengedwe a akatswiri a zakuthambo amaika kadamsanayo pa 20 Novembala. Tsiku limenelo dzuwa la masana pa Zumbo lidali kale kummwera kwa liwombo, mbali yomwe agogo awo a owolokawo sadalionepo.

Atawoloka adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, kenaka nadzakhala ku Mabiri, kufupi ndi Embangweni, muno mwathu kummwera kwa Mzimba. Adapitirira mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania, pafupifupi madigiri 8 kummwera kwa Ikweta, ndipo Zwangendaba adamwalirira kumeneko, pa Mapupo, cha m'ma 1848. Mtundu udagawikana. Mpezeni pomaliza adakakhazikika dera la Chipata ku Zambia. M'mbelwa adalongedwa ufumu pa Ng'onga m'chigwa cha Henga m'zaka za m'ma 1850, ndipo anthu ake adafalikira m'chigwa cha Kasitu ndi kufupi ndi phiri la Hora. Kuchokera komwe adabadwira makolo awo kudzafika pano ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700 chokwera kumpoto.

Disembala wa njala

Kuno adapeza chaka cha mtundu wina. M'madera a pakati pa mizere iwiri ija, chomwe chimasiyanitsa nyengo kwenikweni ndi mvula, ndipo mvulayo imalondola dzuwa m'mbuyo ngati mwana wang'ombe. Pamalo pomwe dzuwa lili paliwombo nthaka imatentha kwambiri, mpweya wotentha umakwera, ndipo mphepo zonyowa zochokera kunyanja ya mchere ya Indian Ocean ndi kunkhalango za ku Congo zimathamangira pomwepo n'kukumana. Pokumanirapo ndi pomwe pamabadwa mitambo. Lamba wa mvula ameneyu amatsika kummwera dzuwa likatsika, amakwera likakwera, koma amachedwerapo masabata angapo. N'chifukwa chake pa 24 Okutobala paja dzuwa limatipeza opanda chofunda cha mitambo, n'kutiotcha mpaka phula kufewa mumsewu. Chizimalupsa chikhoza kugwa, koma mvula yobzalira kuno imakhazikika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Pomwe dzuwa likudutsanso mu Febuluwale, limapeza mitambo ndi nthaka yonyowa, ndiye silipweteka ngati poyamba.

Tsono taganizirani nduna ya Chingoni itaima pakhomo la khola pafupi ndi Hora pa 21 Disembala. Kutembenuka kwa dzuwa ikutha kukuona bwinobwino, pakuti malo otulukira dzuwa amasuntha kuno monganso kummwera. Mwambo ukuti nthawi ya zoyamba kucha yakwana. Koma ikaponya maso kumunda, chimanga sichidafike n'komwe m'mawondo, maungu akungoyamba kuyala, mawere ndi ongomera kumene. Disembala ndi Januwale kuno ndi miyezi yopalira, pomwe nkhokwe zayamba kulira ndipo ana akuyang'ana mango. Mondokwa, maungu ndi misale zimabwera mu Febuluwale ndi Malichi. Zinthu zitatu zomwe zinkakumana kummwera, kuno zidalekana. Mfumu ikadaumirira dzuwa, ikadaluma chiyani?

Yankho lina tikulipeza kwa abale athu a kwa Mpezeni. Azungu atawagonjetsa mu 1898 n'kupha Nsingo, mwana wa Mpezeni, mwambo wa Nc'wala udaleka kuchitika. Udatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo umachitikira pa Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale. Dzina ndi lomwe lija, ng'ombe yamphongo ilipo, mfumu imalawabe zoyamba kucha, koma tsiku lili miyezi iwiri patsogolo pa la ku Eswatini. Mmene ndikuonera ine, miyezi iwiri imeneyi ndiyo muyeso wa ulendo wa Zwangendaba wolembedwa pa kalendala. Posankha pakati pa dzuwa la makolo ndi munda wa lero, anthu adatsata munda. Kuno kwa M'mbelwa mwambowu udazilala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pomwe Angoni adali atakwatirana ndi Atumbuka, natengera chinenero chawo ndi malimidwe awo.

Mvula ya mu 1886

Kuti lamba wa mvula uja amachedwa, ndipo zaka zina amachedwa mopitirira muyeso, kudasintha mbiri ya boma lino m'njira yomwe ambiri sitiiganizira. Amishoni a Livingstonia adatsegula malo awo pa Njuyu mu 1882, motsogozedwa ndi William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, yemwe chinenero chake chinkamvana ndi Chingoni. Dokotala Walter Angus Elmslie adabwera mu 1885. Kwa zaka zingapo M'mbelwa ndi nduna zake adakana kuti amishoniwa atsegule sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka nkhondo. Ndiye kudadza chilala. Mpaka mu Januwale 1886 mvula idali isadagwe mokwanira, ngakhale ng'ombe zidaperekedwa nsembe kwa mizimu. Elmslie akusimba m'buku lake la 1899 kuti akuluakulu adapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Mapemphero adachitika, ndipo posakhalitsa mvula idagwa. Chaka chomwecho chilolezo cha sukulu chidaperekedwa, ngakhale Koyi mwini wake adamwalira mu 1886 momwemo.

Sindidabwere kudzatsutsa pemphero la munthu, kaya la m'tchalitchi kaya la pakhola. Chomwe ndikuona n'chakuti m'dziko lomwe moyo wonse umadalira kufika kwa lamba wa mvula, munthu amene wapezeka ataimirira kutsogolo pa tsiku lomwe mitambo yafika amalandira ulemu waukulu. Kummwera mfumu inkadalira dzuwa, lomwe silichedwa ngakhale tsiku limodzi. Kuno aliyense wofuna kukhulupiriridwa ankayenera kudalira mvula, yomwe ilibe pangano ndi munthu. Sukulu zomwe zidaphunzitsa agogo athu kuwerenga, zomwe zidatulutsa alembi ngati Yesaya Chibambo amene adalemba mbiri ya Angoni, khomo lake lidatseguka ndi mvula yochedwa.

M'mbelwa woyamba adamwalira mu 1891. Mu 1898 mmishoni Donald Fraser adayambitsa misonkhano ikuluikulu ya ubatizo ndi mgonero pa Ekwendeni, komwe anthu zikwizikwi ankasonkhana masiku angapo, ndipo mu 1902 adakhazikitsa mishoni ya Loudon pa Embangweni. Wolemba mbiri T. Jack Thompson adaona kuti misonkhano imeneyi idali ndi kafungo ka Incwala yakale, mtundu wonse kukumana pamalo amodzi kamodzi pa chaka. Mu 1904 mafumu a Angoni adakumana ndi Alfred Sharpe pa Ekwendeni n'kuvomera ulamuliro wa Britain. Pamenepo padalowa kalendala yachitatu, ya boma, yomwe siyang'ana dzuwa kapena munda, koma tsiku la msonkho. Ngakhale chikondwerero cha Umthetho, chomwe chidayamba mu 2008 patsinde pa phiri la Hora, chimachitika mu Ogasiti, anthu atakolola ndipo misewu itauma.

Msonkho uja ndiwo udathandiza kutsegula njira ya ku Joni, yomwe ana a ku Mzimba akuiyendabe mpaka lero. Johannesburg ali madigiri 26 kummwera kwa Ikweta, kuseri kwa Tropic of Capricorn. Mukamacheza ndi obwerako, mudzamva akudandaula za chisanu cha mu Juni choboola mafupa, ndiponso akudabwa kuti mu Disembala 7 koloko madzulo imakwana kunja kukali mbee. Ambiri sadziwa kuti thambo lomwe likuwadabwitsalo ndi lomwe lija adalisiya makolo awo zaka 200 zapitazo. Mdzukulu wa Zwangendaba wabwerera pansi pa dzuwa la agogo ake, koma tsopano iyeyo ndiye mlendo, ndipo mtima wake uli pa mvula ya ku Mzimba, komwe amatumiza ndalama ya feteleza.

Chulu ndi mkuyu

Agogo anga aamuna, kumudzi kwathu chakufupi ndi Embangweni, sadamvepo za madigiri, koma adali ndi chipangizo chawo choyezera thambo. Akaima pakhomo la khola m'mamawa, dzuwa la mu Juni linkatulukira pa chulu china chakumanzere, ndipo la mu Disembala linkatulukira pa mkuyu waukulu chakumanja. Ankati likafika pamkuyu limagona masiku angapo kenaka n'kuyamba kubwerera. Tsiku lina ndili mnyamata ndidawafunsa kuti, "Agogo, nanga bwanji simubzala dzuwa likafika pamalo pomwe mudabzalira chaka chatha?" Iwo adaseka, nati, "Mdzukulu wanga, dzuwa limandiuza tsiku losula khasu. Tsiku lobzala imandiuza ndi nthaka." Mvula ikagwa ankapita kumunda, n'kukumba ndi khasu kuti aone pomwe chinyezi chalekezera. Chikakhala chapamwamba chabe, mbewu inkakhalabe m'chikwatu, anzawo abzale asabzale.

Ndimawakumbukira agogowa ndikamamva anthu masiku ano akuti dzuwa lasintha, kapena kuti dziko lapendekeka, n'chifukwa chake mvula yasokonekera. Kupendekeka kwa dziko kumasinthadi, koma pang'onopang'ono zedi. Kumayenda pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5 n'kubwerera pa zaka pafupifupi 41,000, ndipo katswiri wa ku Serbia, Milutin Milanković, adaonetsa mmene kusintha kotere kumakhudzira nyengo pa zaka zikwizikwi. Panopa kupendekekaku kukuchepa, ndipo mzere wa Tropic of Capricorn ukusendera kumpoto ndi mamita pafupifupi 15 pa chaka. Kuyambira tsiku lomwe Zwangendaba adawoloka Zambezi kufika lero, mzerewu sudasunthe ngakhale makilomita atatu, mtunda womwe mayi amayenda popita kuchigayo. Mkuyu wa agogo ukadakhalapo, dzuwa likadatulukirabe pomwepo.

Chomwe chasintha chili pansi pano, m'mpweya ndi m'nyanja. Madzi a m'nyanja ya Pacific akatentha mopitirira, chomwe amachitcha El Niño, mvula ya kummwera kwa Africa imasokonekera. Tidaziona mu 2015 ndi 2016, tidazionanso mu 2023 ndi 2024, pomwe mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi ya chilala. Pamwamba pa izo, utsi wa malasha ndi mafuta womwe mayiko olemera akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 150 ukutenthetsa dziko lonse. Nafenso tili ndi mbali yathu. Matumba a makala omwe timawaona m'mbali mwa msewu wodutsa m'nkhalango ya Perekezi ndi mitengo yomwe ikadagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, mitsinje ngati Mzimba ndi South Rukuru isaphwe msanga. Tikamanamizira dzuwa, ndiye kuti tikubisa zomwe tingathe kukonza.

Kusiyanitsa zinthu ziwirizi si nkhani ya m'kalasi yokha, pakuti mlimi wobzala chifukwa choti tsiku la pakalendala lakwana akhoza kutaya mbewu yogula ndi ndalama ya ku Joni. Dzuwa n'lodalirika: lidzatiuza nthawi zonse kuti Juni kudzazizira, kuti Okutobala kudzatentha, kuti lamba wa mvula wayamba ulendo. Koma tsiku lofika lambayo, ndi kuchuluka kwa zomwe wanyamula, tiyenera kumvera ulosi wa a nthambi yoona za nyengo ndi kukumba nthaka monga ankachitira agogo. Angoni akale adafika ndi mwambo womangidwa pa dzuwa la Disembala, ndipo ataona kuti munda wa kuno ukunena zina, adamvera munda. Ife a lero sitidasamuke, koma nyengo ndiyo ikusamuka tili pomwepo, ndipo nzeru yofunika ndi yomweyo.

Pempho langa lipite kwa aphunzitsi a m'sukulu za pa Boma, Embangweni, Edingeni, Jenda ndi kwina konse. Okutobala akubwerayu, tulutsani ana panja cha m'ma 11:30, muzike ndodo yowongoka pabwalo, aone okha chithunzithunzi chikusowa. Mudzabwerezenso mu Disembala, aone chitagwera kumpoto, ndi mu Juni, aone chitatalika kulowera kummwera. Pamenepo mudzawauze za nguli yopendekeka, za kadamsana wa mu 1835, ndi za anthu amene adachoka kudziko komwe ndodo yotere siisowa chithunzithunzi. Sizifuna ndalama ya boma kapena buku lochokera kunja. Ndodo, dzuwa ndi mphindi khumi basi.